Zaka Zanga Zili M'thumba la Lameki

Anthu akandifunsa kuti ku Kenya ndinakhalako zaka zingati, ndimawauza kuti akafunse Lameki, ndiye akuzisunga. Amaseka, amayesa nthabwala. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinagwira khasu ku Nairobi, koma pitani kuofesi iliyonse ya kumeneko, simukapeza polembedwa kuti ine ndinapondako. Mukapeza Lameki.

Nsanje ndili nayo, sindibisa. Mayi anga amati idzandiumitsa ngati mfutso. Ndimawayankha kuti mfutso suwola.

Lameki ndi mnzanga wa kumudzi, tinakulira limodzi ku Tsangano. Iye anafika Fomu 4, ine ndinalekera Sitandade 7. Aphunzitsi anandiwomba mbama pamaso pa atsikana, ine ndinawabwezera ndi mpando, sukulu inathera pomwepo. Ndinalowa m'dimba la bambo anga, kachewere ndi kabichi, mpaka manja anachita zikang'a. Lameki ndiye anabwera ndi nkhani ya Nairobi. Anati ku Joni kwadzaza, aliyense akuthamangira komweko, tiyeni ife tikwere kumtunda. Iye anali ndi pasipoti, amalume ake anamuthamangira. Ine ndinali ndi chikwama ndi mtima wapachala basi.

Pa Songwe iye anadutsa pa mlatho, anamudindira bwinobwino. Ine ndinazungulira kumunsi, ndinawoloka pa bwato nsapato zili m'khosi. Pa Namanga, polowera m'Kenya, chimodzimodzi: iye pawindo la ofesi, ine pa njinga yamoto m'tchire, minga ikundikala m'miyendo. Tinakakumana kutsogolo, iye akumwa tiyi.

"Wachedwa, aise," anatero.

Ndinangomulanda kapuyo.

Tinafikira ku Kitengela, kunja kwa Nairobi, kafumbi kokhakokha, mphepo yake yosapuma. Chipinda chimodzi cha malata, matiresi amodzi. Tinayamba ndi mjengo, ndiye kuti ntchito ya zomangamanga, kusenza simenti kukwera nayo m'mwamba. Lameki anatha masiku anayi, manja anatupa matuza, analira ngati wafedwa. Chingerezi chake chinamupezera ntchito m'sitolo yogulitsa misomali ndi utoto. Patapita miyezi ingapo masiku amene anamudindira aja anatha, ndiye tinafanana. Tonse awiri tinali anthu osayenera kupezeka m'dzikomo, kungoti iye anali ndi kabuku pansi pa matiresi.

Lamlungu tinkapita kutauni, kumene Amalawi ankakumana kupemphera m'holo ina. Mabenchi akutsogolo ankakhala a magalimoto, ogwira ntchito m'mabungwe akuluakulu. Akumbuyo tinkakhala ife, a mjengo, olondera, ochapa. Kumeneko ndi kumene analengeza kuti mayi Kamanga a ku Spring Valley, dera la anthu olemera, akufuna Mmalawi wa m'munda, wodziwa kulima ndiwo zakwathu. Koma abwere ndi fotokope ya pasipoti, chifukwa alonda a pageti la dera lawo salola wantchito wopanda pepala.

Kumabenchi akumbuyo kunali kachitidwe kake, tinkakatchula kuti kubwereka dzina. Wina akakhala ndi pasipoti, inkagwira ntchito ya anthu atatu kapena anayi. Simkadi ya foni, khadi ya kuchipatala, kutumiza ndalama kumudzi, zonse pa dzina la mwini kabuku. Palibe ankaona chachilendo, zinali ngati kubwerekana khasu. Lameki anatenga pasipoti yake kupita nayo kwa mayi wina wa makina a fotokope, n'kumuuza kuti adetse kwambiri. Chithunzi chinatuluka ngati kunsi kwa poto, maso awiri okha.

"Ndi iweyo ameneyu," anatero Lameki. "Mwinanso wakongolako."

Lolemba ndinakagogoda ku Spring Valley. Mayi Kamanga anayang'ana pepalalo, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Takulandirani, a Lameki." Kuyambira tsiku limenelo Lameki weniweni analeka kubwera kuholo kuja, kuopa kuti wina angamuitane mayiwo ali pafupi. Anayamba kupemphera ku Kitengela komweko, ndipo ndi kumene anapezako Mwende, mtsikana wa ku Kenya komweko, wa mtundu wa Chikamba, wosoka zovala. Taonani, ngakhale mkazi anamupeza chifukwa cha ine.

Munda umene ndinaupeza unali kapinga ndi maluwa osadyedwa. Kuseri kwa nyumba ndinathyola mabedi, ndinapempha manyowa kwa munthu wina woweta akalulu, ndinadzala mpiru, bonongwe, chisoso, maungu a nkhwani, therere. Mbewu ankabwera nazo alendo a mayiwo kuchokera kwathu, zokulunga m'nyuzipepala. Pomatha chaka Amalawi a magalimoto aja ankabwera Loweruka ndi majumbo. Mayi wina wa mpango wonyezimira ananunkhiza chisoso n'kugwetsa misozi, akuti wakumbuka kwawo ku Dowa. Onse ankati, "A Lameki, manja anu ndi odala." Ine ndinkayankha kuti zikomo. Poyamba ndinkachedwa kutembenuka akandiitana, mpaka mayi Kamanga ankayesa kuti ndili ndi vuto la makutu. Kenako ndinazolowera, moti tikakhala awiri ku Kitengela wina n'kuitana Lameki, woyamba kuyankha ndinkakhala ine.

Ndisamunamizire, Lameki anali mnzanga. Nditadwala tayifodi anandibereka kumsana kuchokera m'chipinda mpaka pamsewu wa Namanga, munthu woonda ngati bango uja. Anandiphikira phala milungu iwiri, anandichapira zimene sindingazitchule pano. Tsiku lina m'tauni, pokwerera matatu, maminibasi a kumeneko, kondakitala anandikankha n'kunditchula dzina loipa atamva kalankhulidwe kanga. Ndinali nditakunga kale chibakera. Lameki anandikumbatira kumbuyo.

"Aise, ukamenya munthu kuno sakafunsa amene wayamba. Akafunsa chiphaso."

Moyo wake unali umenewo. M'tauni tinkayenda maso pansi, osafunsa njira, osatsutsa mtengo. Ukaona yunifolomu kutsogolo, umalowa m'sitolo ngati ukufuna kugula firiji. Ine munthu woti kwathu sindinkagonjera aliyense, ndinaphunzira kupepesa munthu atandiponda ndi iyeyo.

Kumabenchi akumbuyo nkhani inali imodzi chaka ndi chaka: akuti boma likhululukira onse okhala opanda mapepala, akuti alemba mayina, akuti amene wakhalitsa amupatsa unzika. Inkabwera ngati mitambo ya Okutobala, kuderako pang'ono kenako n'kubalalika. Ine ndinkakuwa kuposa onse. Ndinkati munthu wasenza simenti ya nyumba zawo, wawadzalira mitengo, sanabe kanthu, akamupatsa pepala dziko lichepa? Achikulire ena olondera ankandigwira malaya kuti ndikhale pansi, akutsogolo akumva.

Ndiye Lamlungu lina kunabwera loya, mayi wa ku Kenya komweko wokwatiwa ndi Mmalawi. Anati tisadzinamize, chikhululukiro cha aliyense kulibe. Koma munthu amene ali ndi pasipoti yake, ndipo ali ndi bwana wodziwika amene angamuimire ndi kalata, loyayo akhoza kumuyendetsera nkhani yake kuti apeze chilolezo. Ndipo ukakhala movomerezeka zaka zisanu ndi ziwiri, ukhoza kupempha unzika. Holo yonse inachita phokoso.

M'mawa mwake mayi Kamanga anandipeza ndikuthirira.

"A Lameki, mwamva zija? Bweretsani pasipoti yeniyeniyo. Kalata ndalemba kale."

Anandiwerengera ataima pakati pa mabedi, akumasulira m'Chichewa. Kuti munthu uyu wagwira ntchito pakhomo panga zaka zakutizakuti, ndi wolimbikira, ndi wokhulupirika, sanasowetsepo ngakhale supuni. Chibadwire changa palibe anandilemberapo mawu otere. Kusukulu ankangolemba kuti ndine wamwano. Ndinalandira envelopuyo ndi manja awiri, matope ali m'zala.

Loweruka masana ndinapita nayo ku Kitengela. Ndinapeza Lameki akudya, Mwende ali pamakina ake pakhomo, mimba itayamba kuoneka. Ndinamuuza maganizo anga: ndikawauze mayi Kamanga zoona, ndipite kumudzi ndikapangitse pasipoti yanga, ndibwere alembe kalata ina.

Lameki anasiya kudya. "Ukawauza kuti wawanamiza zaka zonsezi, ukuganiza kuti alembanso kuti ndiwe wokhulupirika?"

"Nanga nditani? Aboma akufuna zidindo za zala. Zala zanga si zako."

"Ndipite ineyo."

"Iwe? Unagwirapo khasu liti?"

"Tamvera kaye, usanayambe kutentha. Dzina ndi langa, kabuku ndi kanga, nkhope ndi yanga. Kalata ndi yako. Tikaphatikiza, munthu mmodzi walowa. Tikapanda kuphatikiza, tonse tili panja. Mayi Kamanga sapita nawo kuofesi, amangosaina, loya ndiye amayenda. Ndipo loyayo sakudziwa iwe, sakundidziwa ine."

"Ukalowa iweyo, ine?"

"Wolowa m'nyumba ndi amene amatsegulira mnzake zenera. Ukundikayikira ine, amene ndinakubereka kumsana?"

Mwende anaimitsa makina. Chichewa sankamva, koma ankadziwa chimene tikukangana. Anangoti, "Shemeji," ndiko kuti mlamu, n'kuika dzanja pamimba.

Ndinaponya envelopuyo pa matiresi. Kulakwa kwanga kunali kumeneko, ndipo palibe anandikakamiza.

Zinatenga miyezi, koma zinatheka. Lameki anabwera ndi chiphaso chake chonyezimira, nkhope yake ili mbee, ndevu zometa bwino. Anandibwereka tsiku limodzi kuti ndikawaonetse mayi Kamanga. Ndinawaonetsa chapatali, chala changa chili pachithunzi, iwo akuthamangira ku galimoto. Anati, "Mulungu ndi wabwino, a Lameki!" Ndinavomera kuti ndi wabwinodi.

Apa ndi pamene matenda anga anayambira. Lameki anasintha kayendedwe. Munthu uja ankayenda mokhotakhota ngati galu wakuba, tsopano anayamba kuyenda pakati pa msewu, manja m'thumba. Tili limodzi m'tauni anaima dala kufunsa wapolisi njira ya ku positi, njira yoti ankaidziwa. Ine ndinali kuseri kwa mzati, thukuta kamukamu. Anatsegula akaunti kubanki. Anakwatira Mwende ku ofesi ya boma, ndi satifiketi, ine ndinaimirira kumbuyo pa chithunzi. Mwana atabadwa anamulembetsa, dzina la bambo lili pomwepo. Madzulo ena ankawerenga zala pamaso panga: chaka chino, chamawa, chinacho, zikakwana zisanu ndi ziwiri ndikapempha unzika, ndidzavota ine kuno.

Ndinkabwerera ku Spring Valley nsanje itandigwira. Ndinkalima ngati ndikumenya munthu. Tsiku lina ndinathyola mpini, tsiku lina ndinadula paipi ya madzi ndi khasu. Zonse zimene anali nazo ndinkaziwerenga: nsapato zatsopano, katani wa pawindo, mpaka kulira kwa mwana wake kunkandipweteka. Ndikamufunsa za zenera lija ankati, "Dekha, aise, ndikhazikike kaye."

Kenako mayi Kamanga anasamutsidwa kuntchito kwawo, kupita dziko lina. Anandiitana pakhonde, makatoni ali mbwee.

"Musadandaule, a Lameki. Azungu amene akulowa m'nyumba muno ndawauza za inu. Mungowaonetsa chiphaso chanu, loya asintha dzina la bwana, basi."

Ndinakwera matatu tsiku lomwelo. Lameki ndinamupeza kusitolo kuja, akuyeza misomali pa sikelo. Ndinamukokera kuseri.

"Ndibwereke chiphaso. Azungu akubwerawo akufuna kuchiona."

Sanandiyang'ane. "Sizingatheke."

"Wati chiyani?"

"Ichi si fotokope, aise. Nkhope ikuoneka. Akakugwira nacho, chapita, ndipo ine ndapita nacho limodzi. Ndili ndi mwana. Ndipo bwana wa sitolo ino wavomera kundiimira, loya asamutsira kuno. Zobwerekana mayina zija zinali za kale."

"Za kale? Kalata imene inakulowetsa analembera ndani? Wolimbikira uja ndi iwe? Bonongwe ndi chisoso ungazisiyanitse iwe?"

"Nanga dzina unadyera zaka zonsezi linali la ndani? Ndinakulipiritsapo?"

Chibakera changa chinamufika asanatseke pakamwa. Anagwera pa zitini za utoto, mlomo unang'ambika. Sanabwezere. Anangokhala pansi pomwepo, akupukuta magazi ndi malaya, n'kunena kuti, "Menyanso, koma chiphaso sindikupatsa." Anthu anayamba kusonkhana, wina anatchula za apolisi. Wothawa ndinali ine. Iye anali ndi pepala.

Njira yonse yobwerera ndinkangoti tifere limodzi. Ngati ine ndikumira, nayenso amire. Ndinkadziwa bwino kuti ndikaulula, chiphaso chake chikhoza kulandidwa, Mwende n'kutsala yekha ndi khanda. Ndinaziganizira zimenezo, ndipo sindinabwerere m'mbuyo. Ndinawapeza mayi Kamanga akukulunga mbale m'mapepala.

"Mayi, ine si Lameki."

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa Songwe mpaka pa zitini za utoto. Ndinkayembekeza kuti akuwa, aimbira loya, nkhani iphulika. Iwo anakhala pa katoni, mbale ili m'manja.

"Mukudziwa kuti pa kalata ija pali siginecha yanga?" anatero. "Pali dzina la kuntchito kwanga. Izi zikamveka, woyamba kufunsidwa ndine."

"Ndiye mukawauze kuti munanamizidwa."

"Sindikawauza kanthu. Inunso simunandiuze kanthu. Mwamva?"

"Koma mayi, zaka zanga..."

"Kuno simungakhalenso. Ndikuguliranitu tikiti ya basi, muzipita kwanu mawa lomwe. Mukapangitse pasipoti yanu ngati anthu ena onse."

Anandipatsa za pa ulendo, anandipatsa jekete la amuna awo, anandithokoza chifukwa cha munda. Dzina langa lenileni sanandifunse. Ndinadikira pakhomo kanthawi kuti mwina akumbukira, koma anabwerera ku mbale zawo.

Choncho bomba langa linaphulikira ine ndekha. Lameki sanakhudzidwe ngakhale tsitsi. Ndinatuluka m'dzikomo mmene ndinaloweramo, m'tchire, minga yomweyo.

Kumudzi ndinapeza bambo anamwalira kale, zimenezo ndinazimva pa foni ndili uko, koma manda ndinawaona koyamba. Dimba lawo alamu anga analitenga, akuti munthu amene ali kunja salima. Mlongo wanga wamng'ono, amene ndinamusiya akusewera fulaye, anali ndi ana awiri, ankanditchula kuti achimwene a ku Kenya ngati mlendo. Nyumba ya mayi inali ndi malata amene ndinawatumizira. Koma poti ndalama zinkafika pa dzina la Lameki, theka la mudzi limakhulupirira kuti anafolera ndi iyeyo, pomvera chisoni mnzake wolephera. Mayi ake a Lameki amayenda ndi foni m'manja kuonetsa anthu chithunzi cha mwana wawo ataima pa nyumba zitalizitali. Atandiona anati, "Pepa mwananga, si onse amene amaphula. Ukanamamvera mnzako uja." Ndinaluma lilime mpaka linatuluka magazi, chifukwa ndi munthu wamkulu.

Ndinapita ku Dedza, kumalo ena ogona alendo kumene ankafuna munthu wa maluwa. Anandifunsa ngati ndinagwirapo ntchitoyi. Ndinati zaka zisanu ndi chimodzi, ku Nairobi. Anati onetsani kalata. Ndinangotembenuka.

Mwezi wathawu foni inalira ndili kumunda wa ganyu, nambala ya ku Kenya.

"Aise, ndi ine."

Anali Lameki.

"Mlomo unapola, ngati ukufuna kudziwa. Tamvera. Zaka zikuyenda, zatsala pang'ono. Mwende wapeza malo kuseri kwa Kitengela, pali chitsime. Amalawi onse kuno akulira ndiwo, chichokereni iwe palibe akulima. Pangitsa pasipoti yako. Zanga zikatheka ndidzakuimira ineyo, kalata ndidzalemba ndekha, pa dzina lako. Udzakhala wantchito wanga mwalamulo."

"Wantchito wako?"

"Nanga pepala lilembedwe bwanji? Penapake pamafunika bwana."

Ndinamutukwana. Ndinatukwana iyeyo, sitolo yake, chitsime chake, mpaka mayi amene ankalima mzere woyandikana nane anatseka makutu. Iye ankangoseka ku mapeto ena a foni, kuseka kwa munthu wokhuta. Ndinadula.

Lachitatu lake ndinadzuka m'mamawa, ndinasamba, ndinakwera galimoto kupita kukaima pa mzere wa mapasipoti. Mafomu ndinadzaza ndekha, pang'onopang'ono, ndi zilembo zanga za Sitandade 7. Akuti ndidikire. Ikatuluka ndinyamuka, ndipo ulendo uno ndidutsa pa mlatho, andidindire aliyense akuona. Chimene sindikudziwa n'chakuti ndikupita kukamulimira kapena kukamumenyanso. Ndikaganiza ndikafika pa Namanga.